Ine ndili kumbali ya Seol-hee

Dzulo usiku ndamaliza kuonera sewero la Fight for My Way kachiwiri ndipo tulo tinandithawa. Amene simunaonere koma mukufuna kudzaonera, pitirirani osawerenga, chifukwa ndiulula zambiri mpaka mathero ake.

Seweroli ndi la ku South Korea, linaonetsedwa pa kanema wa KBS2 kuyambira May mpaka July 2017, magawo 16. Analilemba ndi Lim Sang-choon, yemwenso analemba When the Camellia Blooms mu 2019. Anzanga ambiri amalikonda chifukwa cha Park Seo-joon ndi Kim Ji-won, omwe amasewera ngati Ko Dong-man ndi Choi Ae-ra, anthu oti anakulira limodzi, akhala akuzazirana kuyambira ali ana, kenako n'kudzazindikira mochedwa kuti amakondana. Nkhani yawoyo ndi yokoma, sindikutsutsa. Ulendo woyamba nanenso ndinkangodikira tsiku loti awiriwa aulule zakukhosi. Ulendo uno maso anga anali pa ndalama, amene ali nazo ndi amene alibe, ndiponso pa mtsikana uja anthu amati ndi wogona, Baek Seol-hee.

Mumadziwa mmene masewero ambiri achikondi a ku Korea amayendera: mnyamata ndi mwana wa mwini kampani, mtsikana ndi wosauka, chikondi chikapsa umphawi watha. Muno mulibe mpulumutsi wotero. Anayi onse a m'seweroli, Dong-man, Ae-ra, Seol-hee ndi chibwenzi chake Kim Joo-man, ali pafupi kukwanitsa zaka 30, amakhala m'tinyumba ta lendi pa Namil Villa, madzulo amakwera padenga kukamwa ndi kudandaulirana. Ku Korea kuli mawu amene achinyamata anayamba kuwatchula kwambiri cha m'ma 2015, oti ena anabadwa ndi supuni yagolide pomwe ena anabadwa ndi supuni yadothi. Anayiwa ndi a supuni yadothi, ndipo wolemba sanawachitire chifundo chabodza.

Taonani Dong-man. Ali mnyamata anali katswiri wa taekwondo, dziko lonse likumuyembekezera. Mlongo wake anadwala, pakhomo panalibe ndalama ya opaleshoni, ndiye anavomera kugonja dala kwa Kim Tak-su, mwana wa anthu olemera. Zitaululika, amene anathera pompo ndi wosaukayo. Patapita zaka 10 tikumupeza akupopera mankhwala a tizilombo m'nyumba za anthu, akunyozedwa ndi womuyang'anira pa ntchito, pomwe Tak-su akutchuka pa masewera omenyana a MMA. Anthu akamati seweroli likutiuza kuti tsatirani maloto anu, ndimafuna kuwafunsa ngati anaona chimene chinapha maloto a mnyamatayu. Ulesi sunamuphere maloto. Anawagulitsa kuti mlongo wake akhale ndi moyo, ndipo ndani mwa ife akanakana?

Ae-ra naye ankafuna kukhala muulutsi wa pa kanema, koma amaima tsiku lonse pa tebulo lolondolera makasitomala m'sitolo yaikulu. Atapeza kampata kolengeza pa maikolofoni ya m'sitolomo anasangalala ngati mwana, koma ntchitoyo inakagwera wachibale wa bwana. Malo amene anandilasa kwambiri ndi pa intavyu ya ntchito ya uulutsi paja. Womufunsa akuyang'ana pepala lake n'kumudzudzula kuti pamene anzake ankaphunzira kunja ndi kugwira ntchito zongodzipereka, iye ankatani? Iye anangoyankha kuti ankasaka ndalama. Ku Korea zinthu zodzazira pepalazi amazitcha spec: sukulu imene unapita, mayeso a Chingerezi, maulendo akunja, ntchito zophunzirira zosalipidwa. Zonsezi zimafuna kuti kunyumba kukhale wina wokudyetsa pamene iwe ukukongoletsa pepala. Ndinaimitsa kaye pamenepo, chifukwa inenso ndinakhalapo pa mpando wotero pa kampani ina, bambo wina akundifunsa kuti zaka zitatu zopanda kanthu pa CV yanga ndinali kuti. Ndinali kugulitsa kaunjika kuti mng'ono wanga amalize fomu 4. Ndinachita manyazi kunena, ndinangoti ndinali kunyumba. Ae-ra sanachite manyazi, ndipo mpaka lero ndimalakalaka ndikanayankha ngati iye.

Tsono tibwere kwa Seol-hee, amene ndalembera zonsezi.

Wakhala pa chibwenzi ndi Kim Joo-man zaka 6. Pamene Joo-man ankasaka ntchito, Seol-hee ndiye ankamusamalira. Pano onse ali pa kampani imodzi yotsatsa malonda pa kanema, mwamunayo wakwera, mkaziyo amayankha mafoni a makasitomala okwiya, ndipo chibwenzi chawo ndi chachinsinsi pa ntchitopo. Anzake ali ndi maloto omveka patali, wina maikolofoni wina nkhonya. Iye loto lake ndi kukhala mayi, kukhala ndi banja, kulera ana. Ndamva atsikana anzanga akumuseka kuti ameneyu alibe masomphenya, wangodzipachika pa mwamuna. Ine zimenezi zimandipweteka. Ndi liti pamene kufuna kumanga khomo kunasanduka chinthu chochititsa manyazi? Pa anayi onsewo, loto lake ndilo looneka lapafupi, koma ndilo linali lodula kuposa onse, chifukwa sakanalikwaniritsa yekha ngakhale atalimbikira bwanji.

Ndipo chimene chinkawatchinga ndi nyumba. Ku Korea anthu ambiri amapeza pokhala kudzera mu jeonse. Umapereka kwa mwini nyumba chikole chachikulu kamodzi, nthawi zambiri choposa theka la mtengo wa nyumbayo, ukhalamo zaka ziwiri osalipira lendi ya pamwezi, potuluka n'kukubwezera. Zimamveka bwino kwa amene makolo ake angamuyambire. Kwa mwana wa anthu wamba ndi phiri. Ndipo mwambo wakale umayembekezera kuti mwamuna ndiye apeze nyumba. Joo-man ankazengereza ukwati chifukwa chimenecho. Atasiyana anadzaulula akulira kuti sankafuna kumulowetsa Seol-hee m'kachipinda kamodzi, ankafuna nyumba yapakatikati chabe, koma zaka 6 zonse akugwira ntchito ngati bulu sanaifikire. Mawu akuti sampo, m'badwo umene wasiya zinthu zitatu, chibwenzi, ukwati ndi kubereka, anayamba kumveka ku Korea mu 2011. Chaka chimene seweroli linatuluka, chiwerengero cha ana obadwa kwa mayi mmodzi chinali 1.05, ndipo pofika 2023 chinatsika kufika 0.72. Ndikaona manambalawa ndimaona nkhope ya Seol-hee, mtsikana wofunitsitsa ana m'dziko limene likulira kuti ana akusowa, koma iye akudikirabe chikole cha nyumba.

Musandimve molakwa, Joo-man sindikumuikira kumbuyo. Umphawi sunamutume kuti azithamangira Jang Ye-jin, mtsikana wophunzira ntchito uja, nthawi iliyonse akaimba foni. Sunamutume kunama, sunamutume kukagona kunyumba kwa mtsikanayo. Ena amati koma sanachite naye kanthu. Seol-hee anawayankha kale anthu oterewa: kwa iye mtima ukasuntha, zatha, kaya thupi linatsatira kaya ayi. Anthu onse ankayesa kuti alira n'kukhululuka monga mwa masiku onse. Iye anaima chilili pakhomo paja, anaona yekha ndi maso, n'kuthetsa chibwenzi cha zaka 6 osakweza mawu. Amene ankati ndi wogona aja, ndiuzeni ngati pali wina m'seweroli amene anachita chinthu cholimba kuposa chimenechi. Dong-man, atayamba naye MMA, amalowa m'khola kukamenyana anthu akumuchemerera. Seol-hee anadula dzanja lake lomwe popanda womuombera m'manja, mawa lake n'kupita ku ntchito kukakumana ndi onse awiri.

Pali malo ena amene sindiwaiwala. Ku phwando la mwana wa kubanja la Joo-man, Seol-hee akuthamanga uku ndi uku kutumikira ngati wantchito, asanakwatiwe n'komwe, achibale a mwamunayo ali phee. Mayi ake, amene amaphika ndi kugulitsa mang'ina a nkhumba, anafika n'kuona zonse mwana wawo asakudziwa. Sanachite phokoso. Anabwerera ndi misozi yawo. Mayi aliyense amene anaonapo mwana wake akudzichepetsa mopitirira muyezo kuti apongozi amukonde akudziwa kulemera kwa kukhala chete kumeneko. Song Ha-yoon ndi Ahn Jae-hong anasewera mbali za Seol-hee ndi Joo-man mosakometsera, moti nthawi zina umaiwala kuti pali kamera.

Za Ae-ra kumusiya Dong-man atabwerera ku nkhonya, ena amati anali wodzikonda, pakuti iye yemwe ankathamangitsa loto lake. Ine ndikumumvetsa. Anamuona atavulala mpaka makutu kugontha kwa kanthawi. Munthu ukhoza kumufunira zabwino wokondedwa wako koma osakwanitsa kukhala pansi n'kumaonerera akumuphwanya mutu. Chimene ndinakonda n'choti Dong-man sanasiye nkhonya kuti amusangalatse, ndipo wolemba sanamupange aliyense kukhala wolakwa. Bambo ake a Dong-man, munthu wouma pakamwa uja, atamuululira mwana wawo kuti iwonso ali mnyamata ankafuna kuyendetsa ndege, ndinamvetsa chifukwa chake mnyamatayu sakanabwereranso kukapopera tizilombo.

Zondikhumudwitsa zilipo. Nkhani ya mwini nyumba, mayi Hwang Bok-hee, kudzapezeka kuti ndi mayi ake a Ae-ra, inadya nthawi yambiri kumapeto, ndipo inabweretsa kafungo ka masewero ena aja oti munthu wandalama amakhala akukutetezera mseri. Seweroli linali litayenda bwino lopanda zimenezo. Ae-ra kupeza maikolofoni yake m'bwalo la MMA m'malo mwa pa kanema, zimenezo ndinavomereza ndi mtima wonse, chifukwa anapita kumene mawu ake ankafunika. Dong-man kugonjetsa Tak-su n'kufunsira ukwati pomwepo, chabwino, tinkayembekezera.

Koma nkhani ya Seol-hee wolemba anaithamangitsira. Atasiyana ndi Joo-man anayamba kupanga madzi a maesil, timapulamu tobiriwira tija amatiika mu shuga, n'kumagulitsa pa intaneti, mpaka anasiya ntchito ya mafoni ija. Apa m'pamene ndinkafuna magawo awiri athunthu: ndimuone akutsuka mabotolo, akuwerenga ndalama yoyamba imene wapeza ndi dzina lake, akudya yekha madzulo osadikira kuti chitseko chigogodwe. M'malo mwake tinangopatsidwa pang'ono, kenako Joo-man wayamba kale kuzungulira pakhomo ndi nkhope yachisoni, ndipo mtima wa Seol-hee ukufewa. Sindikuti asamukhululukire. Zaka 6 si masewera, ndipo mwamunayo analapa zenizeni. Ndikungoti mtsikanayu anatha zaka zonsezo akudikira, ndiye akanamusiya Joo-man adikireko nthawi yotalikirapo ife tikuona.

Mnzanga wina wandilembera m'mawa uno kuti ndayamba kukonda munthu wa m'sewero ngati m'bale wanga. Ndamuyankha kuti abwerere pa phwando paja akaonenso nkhope ya mayi ake a Seol-hee, akatero andiimbire.