R100 yokha?

Abale anga a kuno ku Joni, ndiloleni nditulutse zakukhosi, apo ayi ndidwala nazo. Lamlungu lapitali pa msonkhano wa gulu lathu lija la maliro, atcheya anaimirira ndi kope m'manja n'kuyamba kuwerenga maina a amene asonkha ndalama zothandiza anthu amene anapwetekeka ndi namondwe wa Freddy. Dzina, ndalama, m'manja. Dzina, ndalama, m'manja. Atafika pa ine anatsitsa magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, inu a ku Phalombe komweko, R100 yokha?" Anthu anafa nalo phwete. Inenso ndinaseka nawo, mano mbee, poti nanga ukanatani.

Mkulu wina anapereka R2,000, koma envelopu sanaitaye m'manja mpaka amene amajambula atanena kuti chithunzi chatuluka bwino. Mkulu yemweyo ali ndi ngongole yanga ya chaka chatha, ndikamuimbira amati netiweki ikuvuta. Iye anaomberedwa m'manja. Ine, R100 yokha.

Atcheya, munali kuti sabata ija ya pakati pa Malichi 2023? Ine ndinali mu mkhukhu wanga mumdima, magetsi atathima monga mwa masiku onse, ndikuimba foni kumudzi, yosalowa. Pa Facebook tikuona matope a phiri la Soche atatsikira pa Chilobwe, anthu akufukula abale awo ndi makasu, ena ndi manja. Tikumva kuti ku Nkhulambe kwasanduka miyala yokhayokha, milatho yaduka, galimoto sizikufika. Achemwali atandipeza pa foni yobwereka, mawu awo anali ochepa: nyumba yapita, mbuzi zapita, chimanga chija chinangotsala pang'ono kuuma chakwiririka ndi mchenga, iwo ndi ana ndi amayi akugona m'kalasi pa pulayimale. Tsiku lomwelo ndinatumiza zonse zimene ndinali nazo, za renti zomwe, n'kukatenganso katapila. Otumiza ndalama anadulapo yawo, poti namondwe sawakhudza. Zimenezo m'kope lanu mulibe. M'kope lanu muli R100 yokha.

Madamu amene ndimawasamalira maluwa nawonso anandimvera chisoni, ndisawanamizire. Anati "shame" kambirimbiri, n'kundipatsa chipulasitiki chakuda chodzaza ndi zovala. Kukatsegula kunyumba: magogoda, chijekete cha ubweya chong'ambika m'khwapa, ndi kabudula wosambira. Wosambira, abale! Kwa anthu amene madzi awalanda zonse! Ndipo pa malipiro anadulapo tsiku lija ndinajomba pofufuza ngati amayi ali moyo. Ndiye ndilipire transipota kuti magogoda adutse Beitbridge, adutse Tete, akalowe pa Mwanza, achemwali akatchene nawo pamsasa?

Za apolisi ndi "cold drink" yawo, chiphuphu chija, sindinena, mukuzidziwa. Za landilodi amene amagogoda pa 1 tambala asanalire, mukuzidziwanso. A Dudula, gulu lija lothamangitsa anthu obwera, akaguba, tonse timasanduka osalankhula mu taxi. Ndalama imene timatumizayi imadutsa m'minga yonseyi isanafike pa foni ya munthu.

Nanga kumudzi? Msuweni wanga wa ku Kasungu wanditumizira uthenga kuti "Freddy watisaukitsa, tithandizeni." Ku Kasungu! Namondwe anachokera kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique kawiri, anathera ukali wake m'chigawo chakummwera, koma mwina anakwera minibasi n'kukafika kwa msuweni wanga yekha. Kwa iwo ndalama za ku Joni timachita kusesa ngati masamba a m'yadi mwa abwana. Komanso awanamiza ndani? Si ine ndemwe ndimajambulitsa nditatsamira galimoto ya abwana nditangomaliza kuitsuka, chidebe nditabisa kuseri kwa tayala? Bwana mkubwa wa pa Facebook, nsapato zobwereka, m'mimba muli buledi wouma.

Ndiye mwati ndalama zimene tasonkhazi zikapita kudzera kwa akuluakulu, zikaperekedwe pamaso pa atolankhani. Pepani, ine mtima umakana. Sitinaiwale K6.2 biliyoni ya Covid ija, momwe inathera m'ma alawansi ndi m'misonkhano. Namondwe Idai anabwera 2019, tinasonkha. Anamondwe Ana ndi Gombe 2022, tinasonkha, Kapichira n'kuzima, dziko lonse mumdima. 2023 Freddy. A Chakwera, pulezidenti wa nthawiyo, analengeza masiku 14 olira, pambuyo pake ananena okha kuti anthu oposa 1,000 atisiya, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, kolera ili kale pakhomo. A ku Tanzania anachita kutitumizira ndege za helikopita ndi ufa, ife eni ake tili ndi zaka pafupifupi 59 za ufulu. Andale akufika pamsasa ndi galimoto khumi kudzapereka matumba asanu, mafuta a ulendowo kuposa mtengo wa ufawo. Sindikuti musapereke, ayi. Alipo a Red Cross, alipo achinyamata ndi amipingo amene anafika kumene nduna sizinapondeko, ndipo munthu wopanda m'bale ku Joni amadalira thumba ngati lanulo. N'chifukwa chake ndinaponyamo kanga kotsala. Koma mwandiyalutsa nako pagulu. "Inu a ku Phalombe komweko." Eya, komweko, n'chifukwa chake m'thumba munalibe kanthu!

Amayi anga anandithawitsa kumsana mu 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana. Nkhani imeneyo ndinakula nayo, amaikamba madzulo aliwonse mvula ikachita mdima. Ndi Freddy athawanso, koma tsopano iwo ndi amene anachita kunyamulidwa, ndipo anawanyamula ndi mnyamata wa eni, mwana wawo ali kuno akudulira maluwa. Chimene chikundidya ine ndi chimenechi. Kwathu mwinimbumba ndine. Ana a achemwali akamati "amalume abwera liti" sakufunsa za Airtel Money. Amayi pa foni sandipempha kanthu, amangofunsa ngati ndikudya, iwo akugona pa simenti m'kalasi, chitenje chimodzi chofunda ndi mdzukulu.

Sukulu ikufuna makalasi ake, ndipo posachedwa anthu awauza kuti achoke. Pamalo pathu pakale sipomangikanso, pali miyala yoti anthu khumi sangaisunthe. Pakufunika munthu wokakhala pansi ndi amfumu kupempha malo kumtunda, ndi wokanyengerera amayi, chifukwa akukana kutalikira manda a amayi awo. Zimenezo sizitheka pa WhatsApp. Mvula ikangosiyiratu ndikufuna ndikaumbe njerwa ndi manja anga, ndikawotche uvuni, ndikakhome ngakhale malata ochepa, zipinda ziwiri basi, chimodzi cha amayi.

Ndikangomaliza katapilayu ndikukwera basi pa Park Station, madamu alole asalole. Masiku a mu pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo ndikudziwa kuti pa Beitbridge akandidinda chiletso choti ndisabwererenso msanga. Adinde. Ndikalima nandolo.