Kafiliji sitigula poona chitseko

Zandinyansa zimene ndaona lero. Wogulitsa m'shopu ina ku Limbe akuuza mayi ena kuti kafiliji ka malita 20 kamaumitsa nyama gwa ngati mwala, chonsecho kumbuyo kwake kulibe ndi kompuresa yomwe. Kuli kafani basi! Mayiwo akungosisita chitseko poti n'chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale, katembenuzeni kafilijiko muone kumbuyo. Nkhani yonse ili kumbuyo. Pansi payenera kukhala chimphika chakuda chachitsulo chokhala ndi timapaipi, ndiyo kompuresa imeneyo. Ngati palibe koma pali kafani, ndiye ka mtundu wa thermoelectric, kamene kamangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 kapena 20 kuchokera pa mmene m'chipindamo mukutenthera. Mu Okutobala m'nyumba ya malata mukafika 35, m'katimo muli cha m'ma 17, pomwe nyama ndi mkaka zimafuna 5 kutsika m'munsi. Mukuoletsa ndiwo ndi ndalama zanu zomwe.

Pali sitika kumbuyoko kapena m'kati chakumbali. Iwerengeni! Pamene alemba climate class, N ndiye kuti filiji imalimba mpaka madigiri 32 okha, ST mpaka 38, T mpaka 43. Wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima akagula ya N, kompuresa imangolira osapuma, mayunitsi n'kumatha ngati mukuphikira nyemba. Pomwepo onaninso mavoti a magetsi. Athu kuno ndi 230. Zakale zochokera ku Japan ndi za 100, za ku America 120, mukangolowetsa pa soketi popanda thiransifoma yapsa tsiku lomwelo. Ogulitsa sanena, amadya komishoni.

Ndipo kabokosi ka ayisi kam'mwamba kaja sikuti nthawi zonse ndi firiza ayi. Werengani nyenyezi zili pakachitseko kake: imodzi ndi -6, ziwiri -12, zitatu -18. Kusunga nkhuku miyezi kumafuna zitatu. Ka nyenyezi imodzi n'ka ayisi ndi ndiwo za sabata imodzi, osapitirira. Mphira wa pachitseko muyeseni ndi K1,000 yapepala: tsekerani pakati, kokani. Ikasololoka mosavuta, mphepo yozizira izithawira pomwepo. Zonsezi n'zoona ndi maso mphindi zisanu, koma anthu ali kalikiliki kufunsa ngati ilipo yofiira.

Komanso inu onyamula, mwatani kodi? Kafiliji mwakagoneka chagada pa kabaza, kufika pakhomo nthawi yomweyo pa soketi kuti alamu aone kuti kakugwira. Oyilo wa mu kompuresa amakhala atalowa m'mapaipi a gasi. Kaimikeni chilili maola 4, koma ngati munakagoneka ponyamula kaime tsiku lathunthu, kenako muyatse. Ndiye wina n'kukakanikiza kukhoma, pamwamba n'kuyalapo nsalu yoluka ndi TV, osasiya ngakhale masentimita 10 oti kapumire. Mawa muziti amisiri ndi akuba.