Eduardo De Filippo sanachite manyazi ndi chilankhulo cha kwawo

Pali anthu amene amanena kuti wolemba masewero a zisudzo akafuna kuti dzina lake limveke kutali, ayenera kusiya chilankhulo cha kwawo n'kumalemba m'chilankhulo cha m'mabuku. Ine sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga ndi Eduardo De Filippo, wolemba masewero wa ku Italy, amene anabadwira ku Naples m'chaka cha 1900 n'kumwalirira ku Rome mu 1984.

Pocheza ndi anthu za luso lake, kuphatikizapo ophunzira a pa yunivesite ya ku Rome kumene anaphunzitsa kalembedwe ka masewero atakalamba, mkuluyu ankatsindika kuti sewero limabadwa wolemba akamayang'anitsitsa anthu, makamaka munthu wamba amene akulimbana ndi malamulo ndi miyambo ya kumene akukhala. Iye mwini ali mnyamata ankakhala m'makhoti kumvetsera milandu ya amphawi. N'chifukwa chake anthu a m'masewero ake amalankhula monga amalankhulira eni mzinda wa Naples, kusakaniza chilankhulo chawocho ndi Chitaliyana.

Taganizirani sewero la Napoli milionaria, limene linaonetsedwa koyamba m'bwalo la zisudzo la San Carlo ku Naples mu 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe n'komwe kumpoto kwa Italy. Gennaro akugona pabedi ngati wamwalira, anthu akulira maliro abodza, cholinga chake n'chakuti wapolisi asapeze katundu wa katangale amene mkazi wake Amalia wabisa kunsi kwa bedilo. Oonera amaseka mpaka misozi. Koma bamboyo atabwerako kumene asilikali a ku Germany anamutengera, akupeza banja lalemera ndi katangale yemweyo, ndipo palibe amene akufuna kumva zimene anaona kunkhondo. Sindikhulupirira kuti mayi wa m'kanyumba kachipinda chimodzi akanamveka weniweni akanati azikangana ndi mwamuna wake m'Chitaliyana cha m'kalasi.

Wina anganene kuti pamene sewero lake lina linaonetsedwa ku National Theatre ku London mu 1973, katswiri wa zisudzo wa ku England Laurence Olivier ali m'gulu la osewera, linali litamasuliridwa m'Chingelezi. Zimenezo n'zoona, komatu omasulirawo anapeza anthu amoyo oti awamasulire chifukwa wolembayo anayamba wawamvetsera m'chilankhulo chawo.

Ndalama zake nazo anazilowetsa kwawo komweko: mu 1948 anagula bwalo la zisudzo la San Ferdinando limene linaphwasulidwa ndi mabomba, analimanganso, n'kulitsegula mu 1954.