Chitsulo cha mwana wanga chawalakwira chiyani?

Kalata yachitatu yafika kuchokera ku komiti ya eni nyumba m'dera lathu kuno ku Texas. Mlandu wake? Chitsulo cha basketball chimene ndinaimikira mwana wanga pakhomo. Ati ndichipake utoto wakuda, bolodi likhale loonekera ngati galasi, kukada ndizichikokera m'galaja. Chinthu chotalika mamita oposa 3, ndichipinde ngati mkeka? Ati ndilembe fomu, ndijambule mapu, aneba asayine. Mapu a chitsulo chimodzi, abale inu! Nanga galu wa apampando amene amauwa usiku wonse uja, fomu yake ili kuti?

Mu 1891 James Naismith anangokhomera m'mwamba madengu a mapichesi mumzinda wa Springfield konkuno ku America, masewera a basketball n'kuyambika. Akanakhala mneba wanga, bwenzi mpaka lero akudikirabe kuti komiti ikumane.