Masonata a Méhul asamaimbidwe pa chipiyano cha masiku ano

Anzanga okonda nyimbo zakale za ku Ulaya, ndiloleni ndiputeko mkangano. Étienne-Nicolas Méhul, wopeka nyimbo yemwe anabadwira m'tauni ya Givet ku France m'chaka cha 1763, ambiri amamudziwa chifukwa cha ma opera ake (zisudzo zochita kuimba) monga Joseph wa mu 1807. Koma asanatchuke ndi zimenezo, mnyamatayu anatulutsa masonata (nyimbo za zigawo zingapo zoimbidwa pa chida, zopanda mawu a pakamwa) atatu ku Paris mu 1783, ali ndi zaka pafupifupi 20, ndipo ena atatu anatsatira mu 1788. Pachikuto analembapo kuti ndi a harpsichord (chida chakale cha makiyi) kapena piyano. Mkangano wanga uli pa mawu oti "kapena" amenewo.

Zida ziwirizi kunja zimaoneka ngati pachibale, koma m'kati sizigwirizana. Ukadina kiyi ya harpsichord, kachidutswa ka nthenga kamakodola waya. Kaya udine mwaukali kaya mosisita, mawu amatuluka ofanana mphamvu. Piyano imamenya waya ndi kanyundo, choncho chala chimatha kunong'oneza kapena kukalipa. Mu 1783 mabanja ambiri olemera a mu Paris anali akadali ndi harpsichord, pomwe piyano inali ikungolowa kumene. Mmisiri wa zida zoimbira Sébastien Érard anapanga piyano yake yoyamba cha m'ma 1777. Wosindikiza nyimbo ankafuna kugulitsa kwa onse, n'chifukwa chake ankalemba mayina onse awiri. Anali malonda basi.

Ine ndimaona kuti mtima wa Méhul unali utapendekera kale ku piyano. Mvetserani sonata yachiwiri ya mu 1783, ija ya C minor. Muli mkwiyo ndi kusinthasintha kwa mtima kwa munthu amene akulota zisudzo za pa siteji. Mphunzitsi wake, Jean-Frédéric Edelmann wa ku Strasbourg, nayenso ankakonda nyimbo zamtunduwu. Ngakhale opanga harpsichord ankadziwa kuti mphepo yasintha. Mmodzi wa iwo, Pascal Taskin, anayamba kuikamo zikopa zofewa za njati m'malo mwa nthenga pa mzere umodzi wa tokodolera waya, ndiponso timitengo tokankha ndi mawondo, n'cholinga choti chidacho chizitha kukweza ndi kutsitsa mawu pang'onopang'ono.

Ndiye kodi tiziimbe pa piyano? Inde, koma iti? Piyano ya nthawi ya Méhul inali yopepuka, ya thupi lamatabwa, tinyundo tokutidwa ndi chikopa, ndipo mawu ake ankazimirira msanga. Chipiyano cha masiku ano chili ndi chimango chachitsulo, mawu ake amakhalitsa. Timanotsi ta dzanja lamanzere, tomwe timayenera kuthamanga moyera, timaphatikana n'kukhala phala. Woimba akaopa zimenezo amayamba kunyengerera makiyi, ukali wonse uja n'kutha, ndipo omvera amapita kwawo akuti Méhul anali mwana wasukulu wolemba tinyimbo tophunzirira.

Mukandipatsa harpsichord ndi chipiyano chimenechi kuti ndisankhepo, ndisankha harpsichord mosakayika. Kukweza ndi kutsitsa mawu kudzasowa, koma liwiro ndi kuthwa kwa nyimboyo zidzatsala. Amene mumaimba limba kapena kiyibodi, makamaka inu muli ndi kiyibodi yokhala ndi mawu a harpsichord, tayesani sonata ya C minor ija m'njira zonse ziwiri mudzandiuze ngati ndikunama.