Makina osenda kapinga si khasu

Loweruka lapitali ndikutsika kuchokera ku Old Naisi kuno ku Zomba ndinaona zinthu zimene mpaka lero zikundiwawa mumtima. Pa nyumba ina anabwereka makina a petulo aja osenda kapinga pamodzi ndi dothi lake, kuti akamudzale kwina. Woyendetsa wake? Mnyamata waganyu, kuphazi patapata, m'manja mopanda magolovesi. Ana atatu ali pambuyo pake kulondola ngati akutsatira gule. Mwini nyumba ali pakhonde, maso pa foni.

Mwala utakola kumpeni, mnyamata uja anawerama n'kupisa dzanja kunsi injini ikulira. Ndinakuwa ndili kumsewu kuti, "Iwe mwana, zimitsa kaye!" Anandiyang'ana modabwa, chifukwa palibe amene anamuuzapo. Ndisanafike patali ndinamva phokoso, kucheuka, madzi ali tsaa m'mwamba. Wadula paipi.

Kodi abale, tatani? Chinthu cholemera kuposa matumba awiri a chimanga, chokhala ndi mpeni wogwedezeka uku ndi uku pansi pa nthaka, n'chopatsa mwana amene wangochiona m'mawa womwewo? Inu mabwana, akanakhala mwana wanu wobereka mukanalola kuti agwire zimenezi atavala patapata? Jombo zakusowani? Ndalama yobwerekera makina munaipeza, koma ya magolovesi ndi zotseka m'makutu ndiye yavuta?

Komanso kuno ndi ku Zomba. Timakhala m'tsinde mwa phiri, mabwalo ambiri ndi otsetsereka, ndipo ukangopalasa pang'ono wakumana ndi mwala. Ndani anayenda pabwalopo kutola miyala asanalize injini? Ndani anakhoma zikhomo zosonyeza modutsa paipi ndi waya wamagetsi wopita kugeti? Palibe. Akanadula waya m'malo mwa paipi, bwenzi tikunena za maliro. Pamalo otsetsereka kwambiri makinawa sayenera kufikapo n'komwe, akakupulumuka m'manja amapita ndi mwendo wa amene ali kumunsi.

Chinanso chondikwiyitsa ndi ulesi wosathirira. Nthaka ya mwezi wa Okutobala youma gwa, inu n'kumakankhirapo mpeni, makina akudumpha ngati mbuzi yomangidwa, fumbi koboo, mnyamata manja achita dzanzi. Kapinga wakeyo akutuluka zidutswazidutswa, mizu yothothoka, woti sangagwirenso. Kuthirira dzulo lake kapena dzana, kuti dothi lifewe koma lisachite matope, kukanakutayitsani chiyani? Kutchetcha kaye udzu kuti ufupike, kuika mpeni pa masentimita 3 kapena 4, kuyesa kachigawo kakang'ono n'kuona ngati mizu ikutuluka yonse, zimenezinso mpaka munthu achite kukupemphani? Ndiye kapinga wosendayo n'kumuunjika padzuwa masiku atatu, kenako muzidandaula kuti wauma.

Za petulo ndisanene. Kuthira injini ili yotentha, chigubu chosatseka pambali, wina ndudu ili pakamwa. Mukufuna muone chiyani kuti mukhulupirire?

Anyamata aganyuwa sakana ntchito chifukwa kunyumba kulibe ufa, ndipo inu mukudziwa. Chala chikaduka mudzamupatsa ya thiransipoti yopitira kuchipatala, basi, iye n'kutsala wolumala moyo wake wonse chifukwa cha bwalo lanu lobiriwira.

Ngati simungaime pomwepo n'kumuphunzitsa, bwezani makinawo kwa eni ake. Tengani khasu. Ndipo ana achoke pamenepo!