Bwalo la ana lija lisasanduke poimika magalimoto

Pa gulu lathu la WhatsApp la anthu okhala m'dera lino, nkhani imene yakula ndi ya bwalo limene ana amasewerapo mpira madzulo. Akuluakulu ena a komiti akuti bwalolo litsekedwe, mbali ina pakhale poimika magalimoto, mbali yotsalayo idulidwe mapuloti. Pagulupo munthu sungafotokoze mfundo n'kuimaliza, ukangolemba mizere iwiri wina waponya kale chithunzi cha galu wake wosowa, ndiye ndati ndilembe pano pamene pali malo. Maganizo anga ndi akuti bwalolo lisakhudzidwe. Amene akuona mosiyana anditsutse poyera, sitidana.

Madandaulo a aneba athu oyandikana ndi bwalo si abodza, ndipo amene mukuwanyoza pagulupo musiye. Phokoso lilipo, Loweruka limayamba anthu ena asanadzuke n'komwe. Fumbi limalowa m'nyumba n'kudetsa zovala zoyanika. Mpira umagwera m'mipanda, ana n'kumakwera makoma kukautenga osagogoda pageti, ndipo pali amayi ena achikulire amene asinthitsa galasi la windo kangapo ndi ndalama za m'thumba mwawo, popanda kholo ndi limodzi lomwe lopita kukapepesa. Pabwalopo palibe chimbudzi, ndiye mukudziwa nokha zimene zimachitika kuseri kwa mipanda ya anthu. Usiku ana akapita kwawo pamabwera anyamata akuluakulu odzamwa ndi kusuta. Zonsezi n'zoona.

Koma tatengani madandaulowa limodzilimodzi, muone ngati lilipo limene mankhwala ake ndi kuchotsa bwalo. Mpira wogwera m'mipanda umafuna neti yaitali kumbuyo kwa golo, kapena kungotembenuza magolo kuti asayang'ane kunyumba za anthu. Phokoso limafuna kugwirizana nthawi yoyambira ndi yowerukira. Galasi likasweka, pakhale thumba la timu lolipirira tsiku lomwelo, ndipo mwana wosweyo apite ndi kholo lake kukapepesa. Chimbudzi chimamangidwa. Nanga zausikuzo, ndani anakuuzani kuti anthu omwera mumdima amaopa magalimoto oimikidwa? Pakati pa magalimoto ndiye pobisalira pabwino kuposa pabwalo pambalambanda. Chimene chimawathamangitsa ndi getsi lowala komanso anthu odutsadutsa. Kutseka bwalo chifukwa cha mavuto amenewa n'kuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe.

Madera ngati lathu lino, a kunja kwa mzinda, ali ndi vuto limene sitikonda kulitchula. Tinachokera kosiyanasiyana. Ambiri timagwira ntchito kutali, timanyamuka kusanache n'kubwerako kutada, tikangolowa geti n'kutseka basi. Munthu umatha zaka ukudziwa mtundu wa galimoto ya neba wako koma dzina lake osalidziwa. Amene amadziwana m'dera muno ndi ana, ndipo anadziwirana pabwalo paja. Mwana wa eni nyumba yosanja ndi mwana wa mlonda wawo amavala jezi imodzi, ndipo pamenepo wolemekezeka ndi amene amadziwa kupatsira mpira. Palibenso malo ena m'dera muno amene munthu amafikapo osalipira, osafunsidwa mpingo wake, osadikira kuitanidwa. Ifenso makolo, mukachotsa nthawi ya zovuta, timaonana pati ngati si m'mphepete mwa bwalo lomwelo? Magalimoto angathe kupezeredwa malo ena chaka chino kapena chamawa. Koma malo akangodulidwa n'kuthiridwa simenti sabwereranso, ngakhale komiti yotsatira itadzadandaula chotani.

Tsono ndili ndi mawu kwa anzanga amene tili mbali imodzi. Ndaona mukulemba kuti tisatseke bwalo chifukwa mwina muli Mbappé wathu mmenemo. Mfundo imeneyi imakoma m'khutu, koma itigwetsa. N'zoona kuti Kylian Mbappé anakulira ku Bondy, dera la kunja kwa mzinda wa Paris, ndipo anayambira mpira ku timu ya m'deralo ya AS Bondy kumene bambo ake ankaphunzitsa ana. Mu 2018, ali ndi zaka 19, anamwetsa chigoli mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse pamene France inagonjetsa Croatia 4-2. Mu timu yomweyo munali N'Golo Kanté, amene anasewera ku timu ya dera lina la kunja kwa Paris, JS Suresnes, mpaka ali ndi zaka 19 matimu akuluakulu asanamuwerengere. Koma mwa ana onse amene adutsa ku Bondy ndi ku Suresnes, ndi angati amene timawadziwa mayina? Ochulukawo anakagwira ntchito zina, ndipo palibe anganene kuti bwalo linawatayitsa nthawi. Tikamati bwalo likhale chifukwa lidzatulutsa katswiri, a komiti adzangotifunsa funso limodzi: chiyambireni watulukapo ndani? Tidzasowa chonena, ndipo mapuloti adzadulidwa ife tikuona.

Chifukwa chenicheni n'chapafupi kuposa pamenepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Ola lathunthu, tsiku ndi tsiku. M'mapuloti mwathu momwe nyumba inadzaza kuchokera mpanda uku kufika mpanda uko, kutsogolo kwake n'kungotsala kamalo ka simenti kokwana galimoto imodzi, ola limenelo alipeza pati? Mumsewu, pakati pa magalimoto omwewo amene tikuwafunira malo? Kapena akhale pampando ndi foni, ife tomwe n'kumadandaulanso kuti ana a masiku ano sachoka pafoni? Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, pa gawo 31, limanena kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Silinena kuti ufuluwo ndi wa mwana waluso yekha. Mwana wonenepa uja amene sanamwetsepo chigoli chibadwire, koma amathamanga mpaka thukuta kamukamu n'kukagona tulo tabwino, iyeyo ndiye mwini bwalo.

Ena mukuti ana anu anakula kale, ena mukuti mulibe ana, ndiye nkhaniyi sikukukhudzani. Anyamata amene akusewera pamenepo lero ndi omwewo adzakhale akudutsa pageti panu usiku zaka zikubwerazi. Ine ndingakonde adzadutse ali anthu amene ndimawadziwa mayina, ondipatsa moni chifukwa ndinkawaonerera ali ang'ono.

Komabe, ngati tikuteteza bwalolo m'dzina la ana, tidziyang'anenso ife akuluakulu mmene timachitira tikafika pamenepo. Phokoso loipitsitsa la Loweruka silichokera kwa ana. Limachokera kwa abambo oima pamzere, otukwana woyimbira amene ndi mnyamata wa kusekondale wongodzipereka, okalipira mwana wa zaka 9 chifukwa waphonya penate, okuwa kuti "menya kutsogolo!" pamene mphunzitsi wangomuuza mwanayo kuti apatsire mnzake. Mwana amabalalika, sadziwa womvera. Mphunzitsiyonso, amene salandira kalikonse ndipo mipira ina amagula ndi ndalama zake, amanyozedwa ndi anthu amene sanapopepo mpira ndi kamodzi komwe. Ena mpaka kubetcherana ndalama pa masewera a ana. Ndalama zikangolowapo, mukuganiza kuti mwana wochepa thupi angalowenso m'bwalo? Amatha masewera onse ali pa benchi, ndipo m'malo mwake mumalowa "mwana" wometa ndevu amene aliyense akudziwa kuti zaka zake zinapitirira kalekale. Kunama zaka kumayambira pa timasewera tating'ono ngati timeneti, ndipo wophunzitsa mwana bodzalo amakhala munthu wamkulu.

Ku Norway vutoli analiona kale. Kuyambira 1987 ali ndi malamulo a masewera a ana, ndipo mwa zina saloleza kutulutsa ndandanda wa amene ali pamwamba ndi amene ali pansi pa ligi ana asanafike zaka 11. Ana amasewera, zigoli amawerenga okha monga ana onse amachitira, koma akuluakulu alibe ndandanda woti azikanganirana. Wina anganene kuti kumeneko n'kufewetsa ana. Dziko lomwelo, la anthu osakwana 6 miliyoni, ndi kumene kunachokera Erling Haaland, wokulira ku timu ya tauni yaing'ono ya Bryne, komanso Ada Hegerberg, mkazi woyamba kulandira Ballon d'Or, mphoto ya wosewera mpira woposa onse pachaka, mu 2018. Sikuti ndabwerera ku mfundo ya akatswiri ija ayi. Ndikungonena kuti kusiya ana asangalale sikupha luso.

Nanga n'chifukwa chiyani timaumiriza tiana kusewera anthu 11 mbali iliyonse pa bwalo la akuluakulu? Golo la akuluakulu ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba. Imikanipo goloboyi wa zaka 8 muone ngati si nkhanza. Ku England ana osapitirira zaka 10 amasewera anthu ochepa, monga asanu kapena asanu ndi awiri mbali imodzi, pa bwalo laling'ono, magolo ang'onoang'ono, mpiranso wocheperako. Mwana aliyense amaukhudza mpira kambirimbiri, m'malo mongoima pakona kudikira kuti mwina umufikira. Bwalo lathu lomweli litagawidwa mopingasa lingakwane masewera awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo ana amene amangoonerera angalowe onse. Ku America bungwe loyendetsa mpira linaletsa mu 2015 ana a zaka 10 kutsika pansi kumenya mpira ndi mutu poopa kuvulaza ubongo, pamene ife timaombera m'manja kamwana kakagunditsa mutu mpira wolimba wa akuluakulu.

Ndiye pali atsikana. Mu December 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park mu mzinda wa Liverpool kukaonerera mpira wa amayi. Chaka chotsatira, mu 1921, bungwe la mpira la ku England linaletsa amayi kusewera pa mabwalo a matimu ake, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 50, mpaka 1971. Sanachite kuwalanda mipira. Anangowamana bwalo, mpira wawo n'kufota. Ife sitinalembe lamulo lililonse, koma zotsatira zake n'zomwezo: anyamata akuluakulu amafika msanga n'kulanda bwalo lonse, atsikana n'kumangoonerera kapena kutumidwa kukatenga madzi. Tikapita kukhonsolo n'kukanena kuti bwalo ndi la ana a m'dera lino pamene theka la anawo alibe ngakhale ola limodzi pa sabata, tikakhala tikunama. Masiku awiri pa sabata akhale awo, ndipo zilembedwe pa chikwangwani kuti pasakhale wonamizira kuiwala.

Timuyonso ilembetsedwe, ikhale ndi kaundula wa osewera. Kwa inu okonda kuwerengera ndalama, malamulo a FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, 5 peresenti ya ndalamazo imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, ndipo timu yosalembetsa siilawa ndalamayo. Koma phindu la kaundula limene tingalione chaka chino ndi kudziwa zaka zenizeni za mwana aliyense, kukhala ndi nambala ya kholo mwana akavulala, komanso kudziwa munthu amene tamupatsa ana athu. FIFA yomweyo imaletsa kusamutsira mwana wosakwana zaka 18 ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulo ake. Choncho munthu wa suti akafika pabwalo n'kulonjeza mwana wa zaka 15 ulendo wa kunja, bola kholo lipereke ya pasipoti ndi tikiti, musachite kufunsa kuti ndi ndani. Nthawi ya zokonzekera pazikhala akuluakulu awiri, osasiyira ana munthu mmodzi ngakhale timamukhulupirira chotani. Magolo achitsulo aja akhomeredwe pansi, chifukwa ana amakonda kulendewera pa mtanda wake, ndipo golo likagwera mwana limapha.

Pa msonkhano ukubwerawu ndidzapempha a komiti abwere ndi mapu a dera lino ochokera kukhonsolo, aja osonyeza malo amene anasiyidwa dala kuti akhale a anthu onse. Tiwaone tonse ndi maso athu, chifukwa ngati bwalo lija linalembedwa choncho, si komiti ya aneba imene ingalisinthe pokweza manja. Atiuzenso poyera kuti mapulotiwo akadulidwa ndalama zake zipita m'thumba la ndani, ndipo ndani walembetsa kale kuti agule. Funso limeneli linafunsidwa pagulupo, ndipo mpaka pano a wapampando angoliwerenga osayankha.